Alamu Anga Aganyu ndi Nyimbo ya Okolopa

Mphekesera imeneyi inabadwira pampando wanga wometera, ndiye sindinganame kuti ndinangoimva kwa anthu odutsa. Anabwera nayo ndi dalaivala wina wa mutu wansonga, amene ndimamumeta mosamala ngati ndikusenda chinanazi. Ndili mkati momukonza m'mbali mwa khutu, anandifunsa ngati ndikudziwa kuti nyimbo zonse za Aganyu ankapeka ndi akazi awo. Umboni, anatero, ndi wosachita kuyatsira nyali: chimwalirireni mayiwo papita zaka ziwiri, ndipo bamboyo sanatulutse ngakhale kamzere kamodzi. Gitala ilipo, zala zilipo, pakamwa pali pomwe paja. Chachoka n'chiyani?

Ndinamuuza kuti akhazike mutu pamodzi chifukwa lumo langa silidziwa kuti uyu ndi kasitomala wakale. Koma mumtima ndinati, mwina. Dalaivalayo sankadziwa kuti mayi amene akunenayo anali mlongo wanga, wonditsatira ineyo, ndipo Aganyu ndi alamu anga. Pakamwa pa mlongo wangayo ndimapadziwa bwino, ndinakula nako kulumidwa. Akafuna kunyoza munthu waulesi ankati ali ndi manja ngati buledi wonyowa. Nanga mawu amenewo sali m'nyimbo ya Aganyu ya oumba njerwa? Ali momwemo, ndime yachiwiri. Ndiye theka la mtima wanga linakhulupirira, theka linalo linachita manyazi.

Kwa inu amene munabadwa dzulo, ndifotokoze kaye. Aganyu ndinawadziwa ali mnyamata wonyamula katundu padepoti ya mabasi, khosi lalitali, nsapato zosiyana mtundu. Anali ndi gitala yopanga okha, ya chigubu cha mafuta ndi mawaya a mabuleki a njinga. Tsiku limene anabwera kudzaonekera kwathu, bambo athu anawafunsa ntchito imene amagwira. Anatchula zisanu ndi imodzi. Bambo anati ndiye kuti mulibe ntchito, ndinu aganyu basi. Dzina linamatira pomwepo, moti lenileni lija ngakhale ine ndimachita kulikumbukira ndikaona chiphaso chawo.

Ganyuyo sanali wa njala yokha ayi. Anali ndi lamulo lawo limodzi limene sanaliphwanyepo: saimba ntchito imene sanaigwire ndi manja awo. Anzawo ankaimba za chikondi, za mwezi, za mtsikana wa mano oyera. Alamu anga ankapita kwa munthu, kupempha chida chake, kugwira ntchitoyo mpaka matuza, nyimbo pambuyo. Yoyamba imene inawatulutsa inali ya anzawo a padepoti. Inayamba kuimbidwa pansi pa matumba, kenako inakwera mabasi n'kupita kutali, mpaka anthu a wailesi anachita kubwera kudzafunsa kuti mwini wake ndi uti.

Mutu wanga si ngolo, bwana,
khosi langa si chitsulo.
Thumba lachitatu libadikira,
mwana wanga akufuna bambo wamtali.

Atapita ku situdiyo anawapatsa gitala yeniyeni, yonyezimira. Anaigwira kaye ngati mwana wa eni ake, kenako anayamba kuimenya pamimba ndi chala chachikulu, du, du-du, monga momwe thumba limagwera pansi. Wojambula anati asamamenye, aiwononga. Anamenyabe. Lero mnyamata aliyense amene wagwira gitala m'tauni muno amamenya choncho, ena osadziwa n'komwe kuti akutsanzira thumba la simenti.

Anakhala mwezi kophikira buledi, nabwerako ndi chipsera pamkono ndi nyimbo ya anthu amene amadzuka tambala asanaganize zolira. Anaponda dothi ndi oumba njerwa mpaka zidendene zinang'ambika. Koma imene inagwedeza anthu ndi ya mlonda. Analonda sitolo ya malata nyengo yonse ya mvula, atakhala pa njerwa ziwiri, atafunda thumba la pulasitiki. Nyimboyo inkangofunsa funso limodzi mobwerezabwereza: malata mazanamazana ali m'kati pouma, nanga wowalonda ali pati? Itamveka pawailesi milungu itatu, eni masitolo a mumsewu wathu anayamba kukhoma tizisakasa pakhomo, mmodzimmodzi, aliyense akunamizira kuti anali nazo kale m'maganizo. Mpaka lero alonda akuno kachisakasa kotere amakatcha kaganyu.

Za ometa sanaimbepo, ndipo mlandu wake ndi wanga. Anabwera kudzaphunzira, ndinawapatsa makina ndi mutu wa mphunzitsi wina wofatsa. Pasanathe mphindi zisanu anali atalambula msewu kuchokera pachipumi mpaka kunkhongo, wokwanira njinga ziwiri kupatukirana. Mphunzitsiyo anavala chipewa mwezi wathunthu, ine ndinathamangitsa alamu anga ndi tsache. Ndiye ife ometa tilibe nyimbo, timangomvera za anzathu.

Kutchuka kunali koteroko, koma nyumba inakhalabe ya zipinda ziwiri, kuseri kwa owotcherera zitsulo. Anyamata amene anatengera kaimbidwe kawo anagula magalimoto. Iwo ankayenda pansi, gitala kumsana, kuima paliponse pamene munthu akugwira ntchito n'kumamuyang'ana manja mpaka mwini wake kukwiya. Mlongo wanga ankasita zovala za anthu pakhonde, simbi ya makala, thebulo la mwendo umodzi wochirikiza ndi chipika. Anabereka mwana mmodzi wamkazi, amene tsopano ndi mphunzitsi. Ndikadutsa chakumadzulo ndinkapeza alamu atakhala pachitini akuimba, mlongo wanga akusita osatembenuka n'komwe. Ndinkati mayi uyu watopa nazo nyimbo.

Kenako anadwala. Anagona m'chipatala miyezi itatu, alamu ali pambali pa bedi, ndipo sanatulukemo wamoyo. Gitala inalowa pansi pa bedi kunyumba. A wailesi anabwera kawiri, kawiri konse anabwerera ndi tiyi yekha m'mimba.

Patapita sabata dalaivala uja atandisiyira mphekesera yake, mwana wa mlongo wanga anafika kometera kwanga atanyamula makope a ana asukulu, nkhope ili gwa.

"Amalume, kalankhuleni nawo alamu anu. Ayamba kukolopa kuchipatala."

Ndinafunsa ngati awalemba ntchito. Anati ayi, akungokolopa, tsiku lachinayi tsopano, ndipo aphunzitsi anzake ayamba kumufunsa ngati akulephera kusamala bambo ake. Msana wawo ndi uja timaudziwa, wa matumba a padepoti. Ndinatseka chitseko, ndinapachika kachikwangwani kanga koti ndibwera posachedwa, kamene kanayamba kunama kalekale, n'kupita.

Ndinawapeza pakhonde lalitali lopita kuwodi ya amayi, momwe munagona mlongo wanga. Majombo obwereka ofika m'mawondo, imvi mbuu, ndowa pambali. Kumbuyo kwawo kunaima kapitawo wa okolopa, mayi wamkulu thupi, makiyi m'chiuno, akuwayang'ana momwe ndinawayang'anira ine tsiku la mphunzitsi lija. Anandiuza yekha nkhani yake ndisanafunse. Nthawi imene mlongo wanga ankadwala, okolopa ndi amene ankayamba kulowa m'wodi m'mawa, madokotala asanabwere. Ankamutembenuza, kumusinthira beseni, kumuuza nkhani za kunja. Tsiku lina okolopawo anawaseka Aganyu kuti mwaimba alonda, mwaimba a njerwa, ife a ndowa tinakulakwirani chiyani? Anayankha ndi wodwalayo ali chigonere: adzaimba, ndikuwadziwa ine.

Tsopano kapitawoyo anali pafupi kupuma pantchito atakolopa zaka makumi atatu, ndipo anzake anakonza zoti adzatsanzikane naye kuseri kochapira kumapeto kwa mwezi. Aganyu atamva, anabwera okha kudzapempha chokolopera. Kunatsala milungu itatu.

Nthawi yopuma tinakhala pabenchi pansi pa mtengo, iwo akuwongola msana pang'onopang'ono ngati waya wopindika. Ine mwano sindichita kubwereka. Ndinawauza zonse za dalaivala uja, osachepetsako mchere. Ndinkayembekeza kuti akwiya. Anangoyang'ana manja awo, amene anali atayamba kusupuka ndi mankhwala a m'madzi okolopera.

"Inu mukuti bwanji, alamu?"

Ndinati ine ndine wometa, ndimangodula zimene zamera, sindifunsa kuti anabzala ndani.

Anaseka pang'ono, kenako anandiuza chimene sanauzepo munthu. Mawu akubwera, anatero, sanasiyepo kubwera. Akagwira chokolopera amabwera ambirimbiri. Koma akafika kunyumba n'kuvula majombo, mutu umakhala uli mbee ngati mbale yotsuka. Kulemba sadziwa, zimenezo tonse tinkazidziwa. Zaka zonse zija nyimbo ankazitula kwa akazi awo asanamwe n'komwe madzi.

Apa ndinatukula chifuwa. Ine sukulu ndinailawako, ndinalekeza kalasi yachisanu pa zifukwa zimene aphunzitsi ndi ine sitinagwirizane mpaka lero. Ndinagula kope ndi pensulo. Masiku awiri ankabwera molunjika kuchokera kuchipatala, majombo ali kumapazi, n'kumaimba, ine ndikulemba lilime lili kunja. Tsiku lachitatu ndinawawerengera masamba anayi onse. Anamvetsera mpaka kumapeto, nati nditseke kopelo.

"Pepala lanuli silitaya kanthu, alamu. Lasunga zabwino ndi zinyalala zomwe."

M'pamene anandifotokozera ntchito yeniyeni ya mlongo wanga. Ankamuimbira akusita, ndipo sankaloledwa kuika simbi pansi kuti amvetsere bwino. Ankayenera kumva ngati munthu wotanganidwa, chifukwa nyimbozo zinali za anthu otanganidwa. Alamu sankabwereza kupitirira kawiri. M'mawa mwake, madzi a tiyi ali pamoto, ankamufunsa kuti chatsala n'chiyani. Chimene mayiyo waimba, chimenecho ndiye nyimbo. Chimene waiwala ankachitaya osachilira, ngakhale chikhale chowakomera bwanji. Anati mzere umene walephera kugona m'mutu mwa munthu wotopa mpaka kucha sungathe kukwera basi. Zija ndinkati mlongo wanga watopa nazo nyimbo, anali pantchito.

Atatero anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga munthu amayang'anira mbuzi yowonda imene yatsala yokha pamsika. Anati magazi ndi amodzi, mwina ndi mutu womwe ungafaneko. Ndinawakumbutsa kuti mawu anga ali ngati geti la dzimbiri, kuti kutchalitchi anandipempha mwaulemu kuti ndizingoyendetsa milomo. Anati sakufuna kukoma, akufuna sefa.

Tinayamba. Gitala inatuluka pansi pa bedi, mwana wawo anaipukuta fumbi akung'ung'udza. Cha m'ma folo koloko ankafika, kukhala pabenchi la makasitomala, n'kumaimba ine ndikumeta. Makasitomala anachuluka mwadzidzidzi, ena a mipala yoti palibe chometa. M'mawa ankadzera kwanga asanapite kuchipatala, kuima pakhomo osalowa, n'kufunsa funso lawo lija.

Ndiulule, tsiku loyamba ndinabera. Ndinkaopa kuchita manyazi. Atangochoka ndinatembenuza kalendala n'kulemba kuseri zonse zimene zinali zikadali m'makutu, ndipo m'mawa ndinaloweza ndikutsuka mano. Atafunsa, ndinaimba mizere khumi ndi iwiri yonse osaphonya. Ndinadikira kuyamikiridwa. Anadutsa pambali panga, kulowa, kuyang'ana uku ndi uku, n'kutembenuza kalendala.

"Mlongo wanu pa khumi ankabweza itatu, tsiku labwino. Inu mwawaposa liti nzeru?"

Anang'amba mwezi wonsewo, natenga ndi pensulo yomwe. Mpaka lero sindidziwa kuti mwezi umenewo unatha Lachingati.

Tsiku lotsatira ndinachita chilungamo, ndipo chilungamocho chinali choopsa. Anafunsa kuti chatsala n'chiyani. Ndinatsegula pakamwa, panatuluka mpweya wokha. Ndinayamba kupepesa, kunamizira ukalamba, kunamizira phokoso la mumsewu. Anandidula. Anati mutu wanga ulibe mlandu, ngati palibe chatsala ndiye kuti panalibe kanthu. Ananyamula majombo n'kupita kukakolopa.

Zinatero masiku asanu ndi limodzi otsatizana. Tsiku lililonse mizere yatsopano, m'mawa uliwonse ine mbee. Ankaimba za fungo la mankhwala, za ndowa yodontha, za mabwana odutsa osapereka moni. Zinali zoona zonse, koma zinkandidutsa ngati madzi padenga. Ndinayamba kumuganizira kwambiri dalaivala uja. Manja a alamu anang'ambika m'mizere ya zala, msana unafika poti pokhala pabenchi ankachita kugwira khoma. Mwana wawo anabwera n'kuwagwadira pamaso pa makasitomala anga, kuti ababa siyani, mwaimba zokwana, palibe amene angakulandeni dzina. Anamudzutsa, namusasa tsitsi la anthu limene linamatira m'mawondo.

"Amayi ako ananena pamaso pa anthu kuti ndidzaimba. Ukufuna akhale abodza?"

M'mawa mwake mtsikanayo anawabweretsera magolovesi ndi mafuta opaka m'manja. Mafutawo analandira. Magolovesi anakana, poti amayi ambiri amene ankakolopa nawo ankagwira ndi manja enieni.

Chimene chinasintha zinthu ndi kapitawo uja. Milungu iwiri yonse ankawalekerera chifukwa cha ulemu, poti ndi munthu wamkulu komanso wa pawailesi, ndipo akachoka ankatuma wina kukabwereza pamene akolopa. Tsiku limenelo ulemu unamuthera. Ine ndinalipo, ndinawapititsira tiyi m'botolo. Kapitawoyo anawalanda chokolopera n'kuwalozera pansi. Khonde lonse linali ndi mapazi a majombo, mzere wautali kuchokera kuchitseko mpaka pamene anaima. Alamu anga, katswiri wa ntchito zonse, ankakolopa akupita kutsogolo, n'kumaponda pamene akolopa kumene.

"Bambo, ife sitiyenda choncho. Timayambira kumapeto, n'kumabwerera chambuyo. Ukamaliza pasaoneke kuti unalipo."

Anawaonetsa. Chokolopera uku, uku, phazi limodzi m'mbuyo. Uku, uku, phazi lina. Ndowa ankaikankha ndi chidendene osayang'ana. Atafika pachitseko khonde linali ngati galasi langa, lopanda ngakhale chala cha munthu. Alamu anaima kukamwa yasa. Kenako anamufunsa chifukwa chake sanawauze tsiku loyamba. Mayiyo anati ankaopa. Iwo anati wawabera milungu iwiri, ndipo abweze powakalipira tsiku lililonse lotsalalo. Anatenga chokolopera, napita kumapeto kwa khonde. Tiyi ndinamwa ndekha.

Madzulo ake anafika mochedwerapo, akuyenda ngati nkhanu. Ndinali ndikumeta wapolisi wina amene salola kuti munthu alankhule. Alamu sanamenye gitala pamimba monga mwa masiku onse. Anaikhula ndi chikhatho pamawaya, shwa, shwa, kenako chala chachikulu kamodzi, du. Uku, uku, phazi. Anaimba kawiri, motsitsa, n'kunyamuka. Ine ndinali ndi khutu la wapolisi m'manja, sindinganene kuti ndinamvetsera.

M'mawa ndinangodzipeza ndikunola lumo, pakamwa panga pakuchita phokoso pokha. Mkazi wanga anachita kutuluka kudzaona ngati geti latseguka. Alamu atafika sindinadikire funso.

Ife timayenda chambuyo,
kufufuta mapazi athu omwe.
Mukapeza pansi pakuwala
musati sipanadutse munthu.

Anatseka maso, kupirira mawu angawo mpaka kumapeto. Anafunsa ngati pali china. Ndinati basi, inayi yokha, pa mizere mwina khumi ndi isanu. Anati yakwana, poyambira papezeka, ndipo anapita kuntchito mofulumira kuposa masiku onse.

Masiku otsalawo ndime zinabwera, zina kugona, zina kuthawa. Panali ina imene iwo ankaikonda kwambiri, ya dzuwa lolowera pawindo la wodi n'kufika pabedi la pakona. Ndinadziwa kuti ndi bedi liti. Anaiimba masiku atatu mosinthasintha, ndipo katatu konse ndinadzuka ndilibe. Ndinayesetsa, ndinachita kudzimenya pamutu. Pomaliza anaitaya ali pakhomo paja.

Apa m'pamene satana wa ometa anandilowa. Ndinati ndiyese: ngati mlongo wanga ankalowetsamo zake iwo n'kumalandira, zanganso alandira. Ndinapeka mzere wanga, wokongola ndithu, wonena kuti okolopa ndi angelo ovala majombo, ndipo m'mawa ndinausokerera pakati pa ndime yachitatu mosaonetsa msoko. Sindinafike n'kumapeto kwake.

"Uwo si wanga. Uwo sunagwirepo ndowa."

Ndinakana, ndinalumbira, kenako ndinavomera. Poti ndagwidwa kale, ndinafunsa za buledi wonyowa wa m'nyimbo ya njerwa, kuti si mawu a mlongo wanga amenewo? Anavomera mosavuta. Anati anawatola pakamwa pake monga anatolera thumba lachitatu pakamwa pa mnzawo wa padepoti, ndi kuyenda chambuyo pakamwa pa kapitawo. Anthu amalankhula, iwo amatola n'kumanga. Anawonjezera kuti tsiku limene mayiyo ananena mawuwo, ankanena za manja anga, nditakana kumuthandiza kunyamula thebulo. Zimenezo sindinawafunse.

Tsiku lotsanzikana linali Lachisanu masana, kuseri kochapira, pakati pa zingwe zoyanikapo nsalu za pabedi. Panali mabenchi anayi, mabotolo a zakumwa m'ndowa yatsopano, amayi okolopa pafupifupi makumi awiri ndi abambo atatu, anamwino angapo ataima chapatali ngati akungodutsa. Mkulu wina wa mu ofesi analankhula nthawi yaitali, natchula dzina la kapitawo molakwika kawiri. Mwana wa mlongo wanga ndi amene ananyamula gitala, poti bambo ake msana sukanalola.

Alamu anakhala pandowa yovundikira, majombo ali kumapazi. Sananene mawu oyamba alionse. Shwa, shwa, du. Amayi awiri kumbuyo anayang'anizana, mmodzi anayamba kusuntha phazi chambuyo osadziwa. Mawu a alamu anali atachepa, zaka ziwiri zokhala chete zinamveka, ndipo pandime yachiwiri anatsokomola n'kuima. Ndinaganiza kuti andiyang'ana kuti ndiwathandize, ndipo ndinayamba kupempherera odwala amene ali pafupi ndi mawindo. Sanandiyang'ane. Anabwerera poyambira ndimeyo, n'kuikoka mpaka kumapeto. Pofika pobwereza kachitatu amayi onse anali akuimba ngati nyimbo imene anakula nayo. Kapitawo yekha sanaimbe. Anakhala chowongoka, makiyi ali pamiyendo, akuyang'ana nsalu zoyanika. Itatha anawaitana alamu ndi chala.

"Ndime yachitatu ija mwati ndowa timatsuka tikamayamba. Timatsuka tikamaliza, bambo. Munthu sasiyira mnzake ndowa yakuda."

Alamu anati akonza. Lolemba lake anali pabenchi langa ndi mizere iwiri yatsopano, ine ndikumeta, ndipo Lachiwiri m'mawa ndinabweza umodzi.

Nyimboyo tsopano ili pawailesi, ndipo anyamata ayamba kale kukhula mawaya ndi chikhatho. Ine ndinaiona ikubadwa mzere ndi mzere m'chipinda changa chometera, mlongo wanga atagona m'manda zaka ziwiri. Imeneyi sanapeke ndi iye, ndipo zakale zija sanapekenso ndi iye. Mphekesera ija ndi yabodza. Nyimbo za Aganyu anapeka ndi Aganyu.